MAWU A MKONZI: RANDI YAFIKA PA BENGA, NANGA MWANA WA KUNO AMANGE PATI?



Pa msonkhano wathu wapitawu nkhani ya mtengo wa mpunga idatha msanga, koma nkhani ya nyumba idakana kutha, kufikira dzuwa lidalowa anthu akali chikhalire pansi pa mtengo. Mayi wina adaimirira nati mwana wake wamkazi wakwatiwa chaka chino, koma mkamwini alibe pomanga, ndipo awiriwo akugona m'kakhitchini kuseri kwa nyumba ya apongozi, chinthu chimene makolo athu akadachiyesa chamanyazi. Bambo wina wa ntchito ya uphunzitsi adati mwini nyumba wamukwezera lendi kawiri chaka chisanathe. Pamenepo mnyamata wina kumbuyo adafuula kuti, "Obwerawo athamangitsidwe!" ndipo ena adaomba m'manja. Kuomba m'manja kumeneko ndiko kwatikakamiza kulemba mawu ano, pakuti vuto limene mayi uja ndi aphunzitsi aja adanena ndi loona ndithu, koma mankhwala amene mnyamata uja adatchula ndi olakwika, ndipo ngati nthambi yathu iwamwa tidzadwala koposa kale.

Tiyambe ndi kufunsa kuti obwerawo ndani. Dziko lino la Nkhotakota silidayambe lakhalapo lopanda alendo. Jumbe Salim bin Abdallah adafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera ku mbali ya Zanzibar, ndipo ngakhale malonda ake a anthu adali oipa zedi, mzinda umene udakula pa doko lake udasonkhanitsa mitundu yambiri, ndipo zidzukulu za anthu amenewo ndi anansi athu lero, ena ndi azilamu athu. Asodzi a kumpoto akhala akutsika ndi maukonde awo kuyambira kale. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko la Malawi lidasunga anthu othawa oposa 1 miliyoni, kufikira mtendere udasainidwa ku Rome mu 1992 ndipo ambiri adabwerera kwawo. Tikati tiyambe kusanthula kuti mwini dziko weniweni ndani pa Benga pano, tidzatsala ochepa, ndipo amene adafuula uja kapena sadzakhala m'gulu la otsalawo.

Komatu chachikulu ndi ichi: ife eni ake ndife mtundu wa obwera m'maiko a anzathu. Palibe mudzi kuno kwa Mwadzama umene ulibe mwana ku South Africa, kapena manda a gogo wake ku Zimbabwe. Ndipo taonani chodabwitsa: chimene chidayamba kutulutsa amuna m'midzi muno chidali nyumba yomwe. M'zaka za m'ma 1890 boma la Atsamunda lidaika msonkho wa nyumba, mashilingi 3 pa nyumba iliyonse, ndipo munthu amene adali ndi chinangwa chokwanira ndi nsomba zokwanira adapezeka kuti ndi wamangawa chifukwa chokhala ndi denga. Ndalama kuno kudalibe, tsono amuna adaziyendera pansi, ena ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ena ku migodi ya Johannesburg, kumene mpaka lero timangoti ku Joni. Pambuyo pake kudadza Wenela wolemba anthu a ku migodi, ndi Mthandizi wolemba a ku Southern Rhodesia. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa adaposa 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha abale athu oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyo idayambanso mu 1977 ndi dzina la Teba, nidzatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Madala a Teba amene atha zaka zambiri akulondola ndalama zawo za ku migodi tili nawo m'nthambi muno, ndipo atha kutitsutsa ngati tanama.

Tifunse madala omwewo kuti ankagona potani. Ankagona m'komponi, amuna okhaokha ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, opanda mkazi, opanda mwana. Amene adatchona nakwatira komweko adayesa apeza kwawo. Koma mu May 2005 boma la Zimbabwe lidayamba kugwetsa nyumba za anthu osauka m'mizinda, pa ntchito imene adaitcha Murambatsvina, ndipo nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, adawerengera kuti anthu okwana 700,000 adataya nyumba kapena popezera chakudya. Anthu adauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Nanga mdzukulu wa mtchona, wobadwira ku Mbare, amene Benga adangomumva m'nthano za agogo ake, akadapita kumudzi kuti?

Ku South Africa nako, chipolowe cha mu May 2008 chidayambira ku Alexandra, ndipo mwa milandu imene eni dziko ankanenera alendo, wina udali woti akuwalanda ntchito ndi nyumba. Adafa anthu 62. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban, ndipo boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ena adafika pa Mwanza ndi zovala za m'thupi zokha. Mawu amene ankafuulidwa m'misewu imeneyo ndi omwe aja adafuulidwa pansi pa mtengo wathu, kusiyana kwake chilankhulo chokha. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndipo wina asaganize kuti ana athu akukhala m'nyumba za magalasi kumeneko. Usiku wa pa 31 August 2023 moto udabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, mu msewu wa Albert pakati pa Johannesburg, ndipo anthu 76 adafa, pakati pawo Amalawi ambiri. Nyumbayo idali ya khonsolo ya mzinda, koma idalandidwa ndi anthu ena amene ankatolera lendi, ndipo m'kati mwake anthu adagawa tizipinda ndi matabwa ndi makatoni, mabanja athunthu kuseri kwa nsalu. Pa nthawi ya tsankho nyumba yomweyo ndiyo idali ofesi yoperekera mapasi kwa anthu akuda. Agogo adaima pa mzere m'nyumba imeneyo kupempha chilolezo chokhala mu mzinda, mdzukulu adadzapsera m'nyumba yomweyo chifukwa lendi ya nyumba yabwino sakadaikwanitsa. Munthu amagona malo otero kuti randi iliyonse imene wapulumutsa aitumize kuno. Ndalama imene ikumanga nyumba za malata m'mbali mwa msewu wathu wa M5 yachokera m'tizipinda totero.

Tsono tifike pa Benga, tione bwino m'mene mtengo wa malo ndi wa nyumba ukukwerera, chifukwa munthu wosadziwa pamene msampha watcheredwa amangotukwana thengo lonse.

Mtchona wakale ankabwera ndi sutikesi, njinga, makina osokera, kapena galamafoni, ndipo gawo lina la malipiro ake ankadzalandirira kuno kumudzi. Ndalama imeneyo inkagula katundu, inkalipira msonkho, inkaveka mbumba. Malo sinkagula, pakuti malo sankagulitsidwa. Munthu akafuna pomanga ankapita kwa mwinimbumba, mwinimbumba kwa a nyakwawa, ndipo nkhuku imodzi yothokoza inkatseka nkhani. Wolemera ndi wosauka ankalandira malo mofanana, kusiyana kwawo kunkaoneka pa denga pokha. Lero nkhuku ija yasanduka mtengo, ndipo pamene chinthu chili ndi mtengo, amatenga ndi amene ndalama yake ikulemera.

Ndalama ziwiri zikupikisana pa msika umodzi, ndipo sizilemera mofanana. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Tsiku limenelo mlimi wa mpunga amene adasunga ndalama zake m'chitini kuti agule malata adadzuka ndalama zake zitafupika, osaba munthu. Tsiku lomwelo mnyamata wa ku Joni, osawonjezera ngakhale ola limodzi pa ntchito yake, adapeza kuti randi zake zomwe zija zikubala makwacha ochuluka. Sadalakwe kanthu mnyamatayo, ndipo mlimiyo sadachite ulesi. Koma awiriwa akakumana pa puloti imodzi, mlandu watha usanayambe.

Wogula wa kutali sanenerera. Iye malowo sadawaone, wangoona chithunzi pa foni, ndipo ali ndi mantha kuti ndalama ikakhalitsa m'manja mwa achibale idzadyedwa, choncho afuna kulipira lero. Pakati pake paima dobadoba, amene amadya kwa wogula nadyanso kwa wogulitsa, ndipo phindu lake limakula mtengo ukakula. Ikagulidwa puloti imodzi pa mtengo wa misala, mawa mudzi wonse wamva, ndipo mtengo umenewo ndiwo wasanduka mtengo wa malo onse oyandikana nawo. Mwana wa kuno akapita kwa malume ake kukapempha pomanga, malumewo ayamba kuyang'ana kumbali ndi kunena za mavuto a fetereza.

Sizithera pa malo pokha. Mmisiri wabwino ali ndi manja awiri okha, ndipo amapita kumene amalipira msanga. Njerwa, mchenga, matabwa, ngolo yotuta, zonse zimatsata mtengo wa wolipira bwino. Simenti ndi malata nazo zimakwera kwacha ikagwa. Ndipo amene wamanga nyumba ndi simenti yodula safuna kuikamo msodzi kapena mayi wogulitsa zitumbuwa. Afuna wa ntchito ya boma wolandira pa mwezi, kapena wa sitolo. Mwini nyumba yakale ya zidina, amene sadagule thumba la simenti ngakhale limodzi, akamva lendi ya mnzakeyo nayenso akweza yake. Umu ndi m'mene aphunzitsi aja adakwezeredwa kawiri.

Koma chimene chimatiwawa koposa, ife olemba mawu ano, ndi nyumba zosagonamo munthu. Yendani nokha m'mbali mwa msewu muwerenge. Ina idafika pa windo niima, udzu wamera m'kati, mbuzi ndizo zikubisalamo dzuwa, chifukwa mwini wake ntchito idamuthera, kapena adagwidwa wopanda mapepala, kapena amene adatumidwa kuyang'anira adagula njinga yamoto. Ina idatha bwinobwino, yopaka utoto, koma ili ndi loko chaka chonse, mwini wake amadzagonamo masabata awiri pa Khirisimasi. Pena palibe ngakhale maziko, pangozikidwa zipilala zinayi m'makona kudikira kuti mtengo ukwere. Pamalo pamenepo kale pankalimidwa chinangwa, kapena pakadamangidwa nyumba ya mkamwini uja. Malo atha, koma ogona pabwino sadachuluke. Mwini nyumba akugona pa katoni ku Johannesburg, mlongo wake akugona m'khitchini pa Benga, ndipo pakati pawo paima nyumba ya zipinda zinayi yokhoma. Ngati uku si kupusa kwa mtundu wonse, tiuzeni dzina lake.

Tisaiwalenso kuti dziko silikula. Kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni m'Malawi muno; wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Boma lathu la Nkhotakota ndi lopanikizika: kuvuma nyanja, kuzambwe nkhalango ya nyama yosaloledwa kulimamo, kumpoto minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Mu 2024 nyanja idakwera nilowa m'nyumba za m'mphepete, ndipo mu February chaka chomwecho madzi osefukira adasamutsa anthu zikwi zambiri ku Dwangwa. Aliyense wothawa madzi amafuna malo a kumtunda, ndipo malo a kumtunda ndi omwe aja a pafupi ndi msewu. Onjezanipo mabwana a ku Lilongwe ofuna mchenga wa kunyanja kuti amangepo maloji. Awa sadaoloke malire a dziko lililonse, koma mpanda wawo ukatseka njira ya ku doko, msodzi amauzungulira chimodzimodzi.

Amene akuti kuthamangitsa alendo kutsitsa lendi, akumbuke kuti zidayesedwa kale. Mu May 2023 boma lidagwira anthu othawa kwawo, a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, niliwabwezera ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene udakonzedwera anthu osaposa 12,000 koma udali utasunga oposa 50,000. Ambiri adakondwa. Nanga pambuyo pake ndani mwa inu adagula simenti motchipa? Miyezi isanu ndi umodzi yokha itapita kwacha idagwa, ndipo zonse zidakwera alendowo ali m'msasa. Mu 2022 malamulo a malo adakonzedwanso, nakhwimitsa za kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika. Zimenezo ndi zabwino, koma lamulo limenelo silimukhudza wogula wa pa Benga, pakuti wogula wathu ndi nzika yeniyeni, mwana wa mlongo wathu, amene tidamuperekeza tokha pa siteji ya basi.

Ndipo mwanayo sitimunena. Ndalama zake zalipira sukulu, zagula mankhwala, zaika maliro mwaulemu, zadyetsa makomo ambiri m'zaka za njala. Munthu wofuna kumanga kwawo achita bwino, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo amene adaona za 2005 ndi za 2008 ali ndi chifukwa chofunira denga lake kuno. Iye amagula chifukwa alipo wogulitsa. Wogulitsayo ndani? Ndife. Ndi mwinimbumba amene amagulitsa munda wa alongo ake usiku, alongowo nkudzaona zipilala m'mawa. Ndi mfumu ina, tikunena mwaulemu wonse kwa mafumu athu amene ambiri a iwo akusunga anthu awo bwino, imene imadinda kalata ya puloti imodzi kwa anthu awiri. Ndi bambo amene amagulitsa malo kuti agule wailesi ya kanema, chaka chamawa nkukhala wa lendi pa dothi limene mchombo wake udakwiriridwa. Ena mwa amene adaomba m'manja tsiku lija adagulitsapo malo chaka chomwe chino. Sititchula maina, akudzidziwa.

Nanga nthambi ichite chiyani? Mphamvu yokweza kwacha tilibe, ndipo ntchito zoti ana athu aleke kupita ku Joni sitingazipange pa msonkhano umodzi. Zimenezo tipitiriza kuzifunsa kwa amene amadzatipempha mavoti. Koma za malo zili m'manja mwathu kuposa m'mene ambiri akuganizira. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense: a gulupu ndiwo wapampando, ndipo pamodzi nawo pakhala anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Amayi a m'nthambi muno, mipando itatu imeneyo ndi yanu mwa lamulo, si mphatso ya munthu. Ndinu amene mumatsala ndi ana malo akagulitsidwa, tsono musalole kuti pa mipandopo pakhale mkazi wa dobadoba ndi mlamu wake. Kumene komiti ilipo, tifunse kuti idasankhidwa liti ndipo adaisankha ndani. Kumene kulibe, tipite kwa a gulupu ndi ku ofesi ya malo ku boma tikafunse tsiku.

Pa za kulembetsa malo tichenjezane pang'ono. Pepala ndi labwino, limatseka pakamwa pa wolanda. Koma pepala lolembedwa dzina la munthu mmodzi pa munda wa mbumba yonse ndi mpeni wakuthwa konsekonse, chifukwa amene dzina lake lili pa pepala ndiye angathe kugulitsa. Lembetsani maina a onse oyenera, ndipo alongo aone ndi maso awo chimene chalembedwa chala chisanadindidwe. Wosadziwa kuwerenga abwere ndi pepalalo kwa mlembi wa nthambi amuwerengere, palibe cholipira.

Tikupemphanso mbumba iliyonse kuti isanalankhule ndi wogula aliyense ikhale pansi, iwerenge ana ndi adzukulu amene adzafuna pomanga m'zaka 10 zikubwerazi, ipatule malo awo, ndipo chotsala ndicho chikambidwe. Mafumu athu tiwapemphe kuti malo asasinthe manja popanda kulengeza pabwalo masana, pamaso pa alongo a wogulitsayo. Dobadoba amaopa dzuwa.

Kwa ana athu a ku South Africa, amene tikudziwa kuti kalata ino ena adzakujambulirani pa foni, mawu athu ndi awa. Musalipire malo musanalankhule ndi amayi a pa banja limene likugulitsalo, chifukwa mlandu wa malo umadikira munthu ngakhale zaka 20. Musayambe nyumba ya zipinda zisanu ndi ndalama ya zipinda ziwiri. Mangani ziwirizo zithe, muikemo munthu. Ndipo ngati nyumba yanu yatha, musaikhome. Nyumba yosagonamo munthu imadyedwa ndi chiswe ndi mileme, pamene mlongo wanu kapena mphunzitsi wa ana a mlongo wanu akadaisesa ndi kuisamala pa lendi yoti munthu angathe. Lendiyo mulemberane pa pepala, ndi mwezi umene ingakwezedwe, kuti pasakhale kudzidzimutsana.

Otsala kumudzi nafenso tili ndi manja. Makolo athu sankalemba mmisiri pomanga nyumba. Ankafulula mowa kapena thobwa, mudzi nkubwera, ndipo ndi chifukwa chake adati mutu umodzi susenza denga. Magulu a banki m'khonde alipo kale m'midzi yathu, ndipo amayi asonyeza kuti ndalama amaisunga bwino kuposa ife amuna. Chikutiletsa nchiyani kuti mabanja khumi aumbe njerwa pamodzi chilimwe chino, agule malata mwa chiperegani, amange nyumba imodzi ithe, kenaka ina? Tiyambe ndi ya mkamwini uja wa m'khitchini, pakuti mayi ake a mkazi wake anena kale kuti dothi loumbira lilipo, chosowa ndi pomanga, ndipo akuluakulu a nthambi apita kukaonana ndi a nyakwawa za malowo msonkhano usanafike.

Pa msonkhano ukubwerawu nkhani ya malo ndiyo idzakhala yoyamba, mpunga pambuyo. Mudzi uliwonse utumize anthu awiri, bambo ndi mayi, odziwa kuti m'mudzi mwawo mapuloti ogulitsidwa ndi angati, nyumba zoima pa windo ndi zingati, zokhoma ndi zingati, ndi mabanja ogona mwa eni ake ndi angati, kuti pokalankhula ku khonsolo tikanene zowerengedwa, osati zongomva. Amene ali ndi makalata a malo abwere nawo. Mnyamata uja adafuula tikumupempha kuti asajombe, ndipo abwere ndi cholembera, chifukwa tamuika m'gulu la owerenga nyumba za m'mbali mwa msewu.